Mafinya m'chiwindi: akuti amuna anga awaboole ndi nyeleti, tivomere?

Amai_aNavutika
Anzanga ndithandizeniko maganizo mutu wanga wazungulira. Atate a ana anga adwala masabata atatu tsopano. Zinayamba ngati malungo, thupi kutentha usiku, kunjenjemera mpaka bedi kugwedezeka, thukuta kunyowetsa bulangeti. Tinapita ku kiliniki ya kufupi anayeza pachala malungo sanapezeke koma anawapatsabe Coartem ndi Panadol ati mwina tizilombo tabisala. Anamwa onse palibe kusintha. Kenako anayamba kudandaula kuti pansi pa nthiti kumanja kukuwawa, akapuma mwamphamvu ngati munthu wawalasa, ndi phewa la kumanja lomwe. Nsima anasiya, buluku likungogwa m'chiuno. Dzana tinawatengera ku chipatala chachikulu anawagoneka, dzulo anawapanga sikani ndiye adokotala akuti m'chiwindi muli chithupsa chodzaza mafinya, kukula kwake masentimita 9. Mankhwala a m'dilipu ayamba kale koma akuti mawa afuna kulowetsa nyeleti ndi kachubu pambali pa nthiti kuti mafinya atuluke. Apongozi anga akukanitsitsa, akuti chiwindi sachiboola munthu amafa, tiwatulutse tipite nawo kumudzi ku Chadiza kuli munthu amene amadziwa. Amuna anga afooka, akungoti chitani zimene mwaona. Ndisaine kapena ayi? Alipo anaonapo matenda amenewa?

Dalaivala_GreatEast
Sainani amai, musagone nazo. Pepani kwambiri.

MwanaWaKapata
Pepani asisi. Koma ndifunseko, abambowo amamwa? Ine ndikamva za chiwindi ndimaganiza kachasu basi, amalume anga anatupa mimba ndi miyendo mpaka tinawaika.

Amai_aNavutika
Samamwa ngakhale dontho, chikwatiraneni sindinawaonepo. Ndipo izi zikundipweteka mtima, aliyense wobwera kudzaona odwala akuyamba ndi funso la mowa ngati adziputira okha.

Nasi_Wopuma
Mwana wanga khazikani mtima pansi ndikuuzeni zimene ndinaona zaka zanga m'wodi. Za amalume a MwanaWaKapata ndi matenda ena, kumeneko chiwindi chimauma ndi kulimba chifukwa cha mowa wa zaka zambiri. Izi za amuna anu ndi chithupsa, monga chimene chimatuluka m'khwapa, kungoti chili mkati mwa chiwindi momwe simungachifinye. Tizilombo ta mabakiteriya timafikako m'njira zingapo. Yofala kwambiri ndi ya ndulu: kamwala kakatseka kanjira kotulutsa ndulu, nduluyo imaima ngati madzi a pachithaphwi, tizilombo ta m'matumbo timakwera n'kukaswana m'chiwindi. Ina ndi magazi ochokera m'matumbo, pakuti magazi a m'matumbo amayamba adutsa m'chiwindi asanapite ku mtima, ndiye apendikisi ikatupa kapena thumbo likakhala ndi bala tizilombo timatengedwa n'kukatsikira m'chiwindimo. Nthawi zina timachokera kutali monga ku dzino lovunda, ndipo kwa odwala ena gwero silipezeka ngakhale afufuze bwanji. Za phewa musadabwe, chiwindi chagona pansi pa mnofu umene timapumira, chikatupa chimaukhudza ndipo ululu umakamvekera ku phewa la kumanja.

Tsono masentimita 9 ndi chachikulu, ngati lalanje. Mankhwala a m'dilipu amayenda ndi magazi, koma pakati pa mafinya mulibe magazi ndiye safika bwino. Tithupsa tating'ono timatha ndi mankhwala okha, koma chikapitirira masentimita 5 madokotala ambiri amafuna kuika kachubu. Si opaleshoni yong'amba mimba ayi. Amabaya jakisoni wa dzanzi pakhungu, amayang'ana pa sikani pomwe nyeleti ikulowera, kachubu kamatsala masiku angapo kakudonthezera m'kathumba, munthu ali maso. Chimodzi chokha, ngati amuna anu akulankhula ndipo nzeru zili bwinobwino, wosaina ndi iwo eni, inu mukhale pambali pawo. Pemphani adokotala awafotokozere iwo ndi apongozi anu pamodzi, m'Chinyanja, inu musakhale mthenga pakati, mawa zikavuta mlandu wonse udzagwera inu.

Mbeu_zaMakolo
A Nasi ndakumvani koma musawaone apongoziwo ngati osadziwa kanthu. Amene anaphapo mbuzi akudziwa kuti chiwindi ndi magazi okhaokha, ukachikhudza ndi mpeni pang'ono chimangochucha. Mai wobereka akamva kuti mwana wake amulasa pamenepo ayenera kuopa. Kwathu ku Vubwi kuli bambo wina anapita kuchipatala akuyenda yekha, anamugwira za m'mimba zomwezo, anabwerako m'bokosi. Anthu saiwala zoterezi.

Nasi_Wopuma
Akulu, sindinanene kuti apongozi ndi osadziwa, mantha awo ali ndi mutu. Kutaya magazi kungachitike ndithu, n'chifukwa chake asanabaye amayeza kaye ngati magazi a wodwala akuundana bwino, ndipo sabaya chongoganizira, sikani imawaonetsa njira. Koma tiyang'anenso mbali inayi. Chithupsa chikasiyidwa chingaphulikire m'mimba, kapena kuboola kukwera m'chifuwa mafinya n'kuzinga phapo, kapena tizilombo kudzaza m'magazi BP n'kugwa impso n'kuima. Chithupsa cha mabakiteriya m'chiwindi chopanda chithandizo chimapha pafupifupi aliyense, apa sindikuopsezani ndikunena zimene zili. Chikaphulika kumudzi pakati pa usiku mudzathamanga naye kuti, pa njinga? Ambiri amene ndinawaona akutuluka ali m'bokosi anafika kwa ife atayamba azungulira kwina masabata, matenda atapita kale patali.

KuLundazi_88
Ine ndinadwalapo izi mu 2019. Zonse zomwe mwanena asisi, kutentha, kuwawa kumanja mpaka ndinkayenda chopendekera. Sikani inaonetsa chotupa m'chiwindi. Sanandiboole ayi, anandipatsa Flagyl masiku 10 ndi mapilisi ena pambuyo pake, tsiku lachitatu thupi linazizira. Ndiye ine ndikuona ngati ayese kaye Flagyl, ngakhale pa msika amagulitsa, asanathamangire nyeleti.

Wa_Labu
Akulu a ku Lundazi chonde za pa msikazo ayi. Chimene munadwala inu chikuoneka kuti chinali cha amiba, kachilombo kotchedwa Entamoeba histolytica, kamene kamalowa ndi madzi kapena chakudya chodetsedwa ndi chimbudzi, kamakhala m'matumbo kenako n'kukwera ku chiwindi. Si bakiteriya. Chithupsa chake chimagwira kwambiri amuna achinyamata ndi a zaka zapakati, makamaka akumwa mowa, ndipo chimamvera metronidazole, amene ndi Flagyl yemweyo, mwachangu, nthawi zambiri popanda kuboola. Mapilisi achiwiri aja anali opha totsalira m'matumbo. Mafinya ake amakhala ofiirira okhuthala ngati chokoleti ndipo kawirikawiri sanunkha. Cha mabakiteriya ndi nkhani ina, mumapezeka E. coli, Klebsiella, mitundu ina ya Streptococcus ndi tizilombo tina tokhala mopanda mpweya, nthawi zambiri tingapo pamodzi. Flagyl yekha amapha topanda mpweyato, E. coli ndi Klebsiella sawakhudza n'komwe. N'chifukwa chake m'wodi amaphatikiza, monga ceftriaxone ndi metronidazole, kuti agwire mbali zonse podikira zotsatira. Pa sikani ziwirizi zimafanana kwambiri, ngakhale dokotala sangalumbire ndi maso okha. Ubwino wina wa nyeleti ndi womwewo, mafinya amabwera kwa ife tiwadzale tione kachilombo kake ndi mankhwala amene akukapha. Amai a Navutika funsani ngati atumiza mafinya ku labu, ndipo funsaninso ngati ayeza shuga.

KuLundazi_88
Ndamva akulu, ine ndimaona ngati ndi matenda amodzi. Mowa ndinkamwa zoona nthawi imeneyo ndipo anandiletsa kuukhudza ndili pa Flagyl. Mnzanga wina anaphatikiza anasanza usiku wonse nkhope ili psuu.

MwanaWaKapata
Ndiye mowa ulimo ndithu mu nkhaniyi, si ndinanena.

Mphunzitsi_Katete
Ulimo kwa a ku Lundazi, osati kwa odwala athuwa. Mwauzidwa kale kuti samamwa, musawasenzetsenso katundu amai amene akugona pansi m'chipatala.

Ine ndikufuna ndinene za pambuyo pake chifukwa ife m'pamene tinagwera. Akulu anga aakazi anadwala chimodzimodzi, iwo maso anachita chikasu ndipo mkodzo unali ngati tiyi wopanda mkaka. Anawaika kachubu, anapeza bwino, anatuluka ndi mapilisi a masabata ena anayi. Atamwa masabata awiri anati ndachira, mapilisiwa akundiwawitsa m'kamwa ngati ndatafuna chitsulo, inali nthawi yokolola anabwerera kumunda ndipo ife sitinawaletse poona kuti akudya bwino akuseka. Mwezi usanathe kunjenjemera kunabwerera, chithupsa chadzazanso, ulendo wachiwiriwu unali woipa kuposa woyamba anagona mwezi wathunthu. Apo m'pamene anapeza kuti m'ndulu muli miyala, anawatumiza ku Lusaka kukachotsa thumba la ndulu lonse. Ulendo wa makilomita opitirira 400 ndi munthu wodwala pa basi, osafunira mnzako. Chichitikireni zimenezo zaka zinayi palibe vuto. Ndiye asisi, mankhwala a matendawa ndi a masabata 4 mpaka 6, ena kupitirira, si a masiku asanu ngati a chifuwa. Ndipo muwafunse kuti tizilomboti tinalowera pati, apo ayi mudzasadza nthambi chitsa n'kuphukanso.

Mlimi_waChalimbana
Langa lili pambali pang'ono mundikhululukire. Ndinamva pa wailesi kuti nsawa zachuku zimaononga chiwindi, kodi si zomwezi? Ife kuno zabwino timasankha kukagulitsa, zofota ndi zakuda n'zimene timasinja nsinjiro za panyumba.

Wa_Labu
Si zomwezi atate koma zimene munamva n'zoona. Chuku cha mtundu wa Aspergillus chimamera pa nsawa ndi chimanga zosauma bwino, chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ameneyo sabweretsa mafinya, amabweretsa khansa ya chiwindi pakapita zaka, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi a hepatitis B. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Zofota ndi zakudazo n'zimene zimakhala naye wambiri, ndiye mukugulitsa zabwino n'kudyetsa ana zoipa.

Mlimi_waChalimbana
Iii nanga titaye? Chaka chino mvula inatipeza zili pamunda zisanaume. Ndipo ambirife timawaza madzi pa makoko kuti kusenda kuphweke.

Dalaivala_GreatEast
Kuwaza madziko ndiye koipa kwenikweni, alangizi amaletsa. Ine ndimanyamula matumba a nsawa, ena ukatsegula pakamwa fungo la chuku limakulandira ndipo mkati mwa thumba muli motentha ngati mwagona munthu. Zowola zitayeni atate, ndowa imodzi siposa chiwindi cha mwana.

Mai_waKomboni
Ine chandigwira mtima ndi cha amiba chija. Kuno kwathu chitsime ndi chimbudzi n'zoyandikana, mvula ikagwa madzi amasintha mtundu. Timathira kolorini, kodi n'kokwanira?

Wa_Labu
Pitirizani kuthira amai, kolorini amapha kolera ndi tizilombo tambiri. Koma amiba akakhala m'chikoko chake safa msanga ndi mlingo wa masiku onse uja, chotsimikizika ndi kuwiritsa madzi akumwa mpaka abwate. Makala ndi odula ndikudziwa, koma mbaula mukamaliza kuphika nsima imakhala ikadali ndi moto, ikanipo poto wa madzi.

Mphunzitsi_Katete
Tabwererani kwa odwala anzanga, tapita ku nsawa ndi ku zitsime. Amai a Navutika zili bwanji kumeneko? Masiku awiri muli zii.

Amai_aNavutika
Pepani ndinasowa, foni inatha moto ndipo sindimafuna kuchoka pabedi. Ndinachita monga munanenera a Nasi, ndinapempha adokotala, anabwera ndi chithunzi cha sikani n'kuwaonetsa apongozi chibowo chakuda chija, anafotokoza mofatsa m'Chinyanja mpaka anajambula papepala pomwe nyeleti idutse. Apongozi analira, kenako anati mwana wanga nena wekha. Amuna anga anasaina okha. Anawatenga 10 koloko, isanakwane 11 anali atabwerera pabedi akulankhula. Anzanga zimene zinatuluka! Tsiku loyamba lokha pafupifupi botolo la Fanta lathunthu, zachikasu mobiriwira, fungo loti wodi yonse inadziwa. Apongozi anayang'ana kathumbako nthawi yaitali osanena kanthu. Usiku wathawu koyamba m'masabata atatu sitinasinthe malaya chifukwa cha thukuta, m'mawa uno apempha phala. Mafinya atumiza ku labu. Koma a Wa_Labu munaona patali, shuga atayeza anapeza 19, akuti ali ndi matenda a shuga amene sitimawadziwa ndipo ayamba kuwabaya insulin. Ndikakumbuka, chaka chonsechi amadzuka kukakodza kanayi usiku ndi kumwa madzi osakhuta, ife timati ndi ntchito ya padzuwa. Chinanso chimene ndinabisa poyamba, sabata yachiwiri alamu anga anabwera ndi munthu anawatema mphini pamalo powawapo n'kupaka zakuda. Adokotala anaziona sanakalipe, anangoti pa mabala sangabayepo, anasuntha pang'ono.

Dalaivala_GreatEast
Ambuye alemekezeke! Nkhani yabwino iyi.

Mbeu_zaMakolo
Tithokoze Mulungu amai, ine ndinali ndi mantha zoona ndipo ndakondwa kuti zayenda chonchi. Koma poti mafinya atuluka, sizingatheke apongozi awapatseko mankhwala a zitsamba otsuka m'thupi, ziwirizi zigwirire pamodzi? Nawonso aone kuti achitapo kanthu pa mwana wawo.

Nasi_Wopuma
Akulu apa ndikana poyera. Chilichonse chimene munthu wameza chimakathera ku chiwindi kuti chichisefe, ndipo chiwindi ichi chili ndi bala, chikulimbana kale ndi mankhwala amphamvu. Botolo la mizu silinena mlingo, lero lingakhale losungunuka mawa lokhuthala, ndipo zitsamba zina zimaotcha chiwindi ndi impso. Ngakhale Panadol weniweniyu akapitirira mlingo amaononga chiwindi, musamawonjezere pa amene apatsidwa m'wodi. Mphininso zisabwerezedwe, munthu wa shuga bala lake limachedwa kupola ndipo ndi khomo lina la tizilombo. Koma mfundo yanu yoti apongozi achitepo kanthu ndaigwira, ndi yanzeru. Apongozi anuwo apatseni ntchito, mwana wanga. Phala aphike iwo, akatuluka mapilisi awerenge iwo m'mawa ndi madzulo. Mai akapatsidwa udindo umenewo mwana saphonya ngakhale limodzi.

Wa_Labu
Za shugazo ndinafunsira dala. Shuga akakwera asilikali a m'magazi amafooka, ndipo anthu a shuga amadwala chithupsa cha m'chiwindi kuposa ena, makamaka cha Klebsiella pneumoniae. Madokotala a ku Taiwan ndi amene anayamba kulemba za mtundu woopsa wa kachilomboka m'zaka za m'ma 1980, amaona anthu a shuga opanda vuto lililonse la ndulu akubwera ndi chithupsa chimodzi chachikulu, ndipo kwa ena tizilombo timadumpha kuchoka ku chiwindi kukafika m'diso, m'mapapo kapena ku ubongo. Tsopano mtunduwu ukupezeka m'maiko ambiri. Sindikuti ndi umenewu, tidikire labu, koma amai mukhale tcheru: akadandaula kuti diso likuwawa, lafiira kapena akuona mwachimbuuzi, kapena mutu ukuwawa kwambiri khosi n'kuuma, uzani anasi nthawi yomweyo osadikira kuti adokotala adzayendera mawa. Diso limatha m'masiku ochepa.

Wophunzira_Udokotala
Ndiwonjezereko pang'ono pa zimene akuluakulu anena. Kale gwero lalikulu la matendawa linali apendikisi, mu 1938 madokotala Ochsner ndi DeBakey a ku New Orleans analemba za odwala otere ndipo nthawi imeneyo chithandizo chinali kung'amba mimba basi, maantibayotiki kunalibe, ambiri ankafa. Mwina mantha a makolo athu oti chiwindi sachikhudza anachokera ku nthawi ngati imeneyo. Lero kuli sikani, kachubu ndi mankhwala, ndipo ochuluka amachira akafika msanga. Chinanso, ngati ndulu ili bwino ndipo gwero silikuoneka, makamaka kwa munthu wachikulire, madokotala amatha kufuna kuunika m'thumbo lalikulu chifukwa nthawi zina chotupa cha m'thumbo ndicho chimatsegulira tizilombo njira. Akakuuzani zimenezo musaganize kuti akungokuvutitsani.

MwanaWaKapata
Asisi mundikhululukire pa za mowa zija, ndinalankhula osadziwa. Ine shuga sindinayezetsepo chibadwire ndipo nanenso ndimadzuka usiku kawirikawiri, Lolemba ndipita.

Amai_aNavutika
Palibe mlandu alongo. Pitani ndithu, n'kubaya pachala chabe.

Dalaivala_GreatEast
Koma ine chimene chikundinyansa ndi poyambira paja. Malungo sanapezeke, bwanji anapereka Coartem? Masabata atatu munthu akuwola mkati. Zomwezi zinandichitikira ndi mwana wanga, katatu konse mankhwala a malungo kumapeto inali taifodi. Kuno kwathu thupi likangotentha basi malungo.

Nasi_Wopuma
Mkwiyo wanu ndikuumva atate, ndipo lamulo lake ndi lomwelo, choyezera chikakana malungo Coartem saperekedwa, amafufuza china. Koma ndinenenso za mbali ya anzanga a ku kiliniki. Sabata yoyamba chithupsa cha m'chiwindi chilibe nkhope yakeyake, ndi kutentha ndi kufooka chabe, ena ululu wa kumanja umabwera mochedwa, ena subwera n'komwe makamaka okalamba. Ku kiliniki kulibe sikani, munthu mmodzi akuona mzere wofika panja. Ndipo ifenso odwala tili ndi mbali yathu, ena akauzidwa kuti malungo mulibe amakwiya kuti abwerera chimanjamanja. Chimene ndimauza abale anga ndi ichi: mukamwa mankhwala masiku atatu thupi osazizira bwererani, nenani zonse kuyambira tsiku loyamba, onetsani ndi chala pomwe pakuwawa, pemphani kalata yopitira ku chipatala chachikulu. Sikani ya m'mimba amapanga ku Chipata Central, ku St Francis ku Katete ndi zipatala zina zazikulu, siwawa ndipo sitenga nthawi. Kutentha kosatha pamodzi ndi kuwawa pansi pa nthiti za kumanja, kuonda, thukuta la usiku, zingakhale chithupsa, TB kapena khansa, ndi maso simungasiyanitse.

Mai_waKomboni
Ndipo amene ali pa NHIMA, inshulansi ya boma ya zaumoyo ija, azinyamula nambala yawo popita, ena amaiwala n'kumavutika pa windo.

KuLundazi_88
Nanga zakudya? Ine agogo anga ankandiphikira chiwindi cha ng'ombe ati chikakonze changa.

Nasi_Wopuma
Chiwindi cha ng'ombe ndi ndiwo yabwino chimawonjezera magazi, koma sichikasoka bala la m'chiwindi cha munthu. Adye zimene mtima walola, pang'onopang'ono koma kawirikawiri, mazira, nyemba, kapenta, nkhuku, ndiwo zamasamba, chifukwa thupi latha. Poti pali shuga, zakumwa za m'mabotolo zimene odzaona odwala amabweretsa zija ayi, thobwa lothira shuga ayi, phala likhale lopanda shuga. Asanatuluke pemphani akuphunzitseni za kadyedwe ndi zizindikiro za shuga akatsika kwambiri, kunjenjemera, thukuta lozizira, kusokonezeka, chifukwa munthu wa pa insulin amene sakudya bwino zimamuchitikira.

Amai_aNavutika
Anzanga tatuluka dzulo patatha masiku 16. Labu inapeza Klebsiella ija ndipo akuti mankhwala amene anayamba aja amaipha, maso ali bwino ndimawafunsa m'mawa uliwonse. Kachubu anachotsa tsiku la 9 katasiya kudontha. M'ndulu akuti mulibe miyala. Atipatsa mapilisi a masabata anayi ndi tsiku lobwerera ku kiliniki ya shuga. Koma chikundidetsa nkhawa n'chakuti sikani yomaliza ikuonetsabe kabowo, akuti masentimita 4, ndiye atitulutsa bwanji chisanathe? Chinanso eni ake ayamba kale kunena za munda, akuti mvula ili pafupi mizere sinapangidwe, akufuna sabata ya mawa akwere njinga.

Nasi_Wopuma
Kabowoko kasakuopseni, pamene panali mafinya pamatenga miyezi kuti patsekeke pa sikani ngakhale tizilombo titafa. Chimene amayang'ana ndi munthuyo, thupi lazizira, akudya, ululu wachepa, magazi akubwerera m'malo. Kutentha kapena kunjenjemera kukabweranso, kapena maso akachita chikasu, kapena pa bala la kachubu patuluke mafinya, musadikire tsiku lolembedwa pa khadi, pitani tsiku lomwelo. Za khasu ndi njinga ayi kufikira adokotala atawaona pa tsiku lobwerera n'kuwalola. Ayende pang'ono pakhomo, akhale pamthunzi.

Mphunzitsi_Katete
Auzeni za akulu anga aja, muwawerengere zimene ndinalemba. Mizere apange alamu anu, si anali ndi mphamvu zobweretsa wa mphini.

Amai_aNavutika
Ndawawerengera, angokhala chete kenako ati chabwino. Alamu avomera kupita kumunda Loweruka ndi anyamata a kumpingo. Apongozi akuti sabwerera ku Chadiza mpaka mapilisi athe, awamanga pa nsonga ya chitenje ndipo akumawapatsa okha 6 koloko m'mawa ndi madzulo. Vuto n'lakuti anasiya mbuzi ndi nkhuku kumudzi ndi kamdzukulu kakang'ono, ndipo ufa wathu wa mgaiwa uli komweko.

Dalaivala_GreatEast
Lachinayi ndikupita ku Chadiza kukatenga matumba, ndibwerera madzulo ake. Ndilembereni kumbali dzina la mudzi ndi wokamuona, ufawo ndikutengerani ndipo ngati apongozi ali ndi uthenga wa kwa mdzukulu anene ndikafikitsa.